Dzina Limene Anamutcha Mwana Wanga

Ndinapita kukamukoka khutu.
Kamvula ka Mzuzu, kaja kosagwa koma kongolendewera,
kanali katanyowetsa kale khushoni ya sakaramento yanga.
Mayi ake anati: ukamupeza kwa Mwakasungula,
kuseri kwa chigayo ku Chibavi,
m'kontena muja ana amamwazamo ndalama za sopo.

Pakhomo matope, makoko a nthochi, utsi wa jenereta.
M'kati anyamata oposa khumi,
makosi onse atapendekera ku sikirini imodzi,
ndipo pa kreti yozondotsa, pakati pawo,
Ndindase wanga wa Fomu Thu, juzi ya sukulu ikadali m'thupi,
zala zikuyenda pa padi ngati akusankha mpunga.

Mpira wa m'galasi. Tianthu tonga nyerere.
Chimene anachita sindinachione.
Ndinangomva malata onse akuphulika:
Mfiti! Mfiti iyi!

Ndinazizidwa kuposa m'mawa wa Juni.
Mawu amenewo ndimawadziwa kulemera kwake.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi
pamene anawagenda nawo azakhali anga kumudzi,
pamodzi ndi miyala ndi udzu woyaka.
Anachoka usiku ndi bulangete limodzi ndi nkhuku kukhwapa,
ndipo mpaka tsiku lowaika
sanayankhenso moni wa munthu.

Ndinakunga chibakera, maso akusaka pakamwa pamene patuluka zimenezo.
Ndinapapeza.
Mnyamata wamtali, Gomezgani,
amene wangomwetsedwa zinayi kwa duu,
manja pamutu, mano onse pamtunda,
akuwerama ngati wakumana ndi abusa panjira.
Mfiti, aise. Ndakwezera manja.

Enanso anathira zawo:
Dolo!
Chilombo ichi, musachiyandikire!
Si munthu uyu, ndi makina!
Wamudya wosaphika!
Wamuvula pagulu, wina amubwereke chitenje!
Kamwana kena kopanda mano akutsogolo
kanakwera pabenchi n'kukuwa m'Chitumbuka, fwiti yeneko,
ndipo Ndindase, amene kunyumba amalankhula ngati akupepesa,
anangopukuta padi ndi mkono wa juzi
n'kufunsa kuti, wotsatira ndani?

Mwakasungula anandiona pakhomo, akuwerenga makobidi m'chitini.
Mdala, musakwiye, anatero.
Kuno tikati munthu ndi wabwino
ndiye kuti angopita kwawo akagone.
Amene watiposa timamutukwana.
Ulemu wa muno umavala malaya motembenuza.

Sindinamuyankhe.
Ndinaima pamenepo, madzi akudontha m'chipewa,
mpaka mwana wanga anagwetsanso awiri,
wina wa ndevu, wina wovala yunifolomu ya ulonda.
Mawu aja anabweranso, kawiri, katatu,
ndipo palibe anatola mwala.
Wina anamugulira chimanga chootcha.

Kenako jenereta inatsokomola, sikirini n'kuphethira,
mdima ndi madandaulo.
M'pamene anandiona.
Adadi.
Liwu lake linabwerera m'kabotolo kake ka masiku onse.

Ndinamukweza kumbuyo, pamalo pamene ena amalipira.
Tinadutsa chigayo, tinadutsa amayi a makala akufunditsa matumba,
nkhungu itameza nyali za m'tauni kumunsi.
Pachitunda anafunsa ndi kamawu kakang'ono
ngati ndikawauze amayi.

Ndinapalasa. Tcheni chinalira.
Ndinkafuna kumuuza za azakhali,
za bulangete lija, za nkhuku,
kuti mawu ena amakalamba n'kuguluka mano
koma amene analumidwa amaonabe chipsera.
Ndinayesa kulitchula dzina lija chamumtima,
monga momwe analitchulira anyamata aja, moseka.
Linakakamira pakhosi ngati munga wa batala.

Ndiye ndinangoti, osatembenuka:
zinayi kwa duu?
Anati eya.
Ndinati: dolo.

Sanayankhe.
Koma manja amene anali atagwira chitsulo cha mpando
anasuntha n'kugwira jekete langa,
zala zija zikadali zofunda.